Esnart Sakala, Wodzutsa Madisiki Akufa

Tsiku limene Esnart Sakala anachotsedwa ntchito, amai ogulitsa tomato ndi kapenta pamsika wa ku Petauke anasiya malonda awo n'kudzaima pakhomo la shopu kuti amve bwino.

Esnart anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Pa mayeso a giledi 12 anali atalephera masamu ndi sayansi, ndipo ntchito yotaipa makalata ndi kupanga fotokope mu shopu imeneyi anaipeza chifukwa zala zake zinali zachangu. Kupitirira kutaipa ndi kupulinta, za kompyuta sankazidziwa.

M'mawa wa tsikulo kunabwera a Wiseman Lungu, mphunzitsi wa ku Msanzala. Anali atakulunga mu mpango hadi disiki yaing'ono yolumikiza ndi waya. Hadi disiki ndi kabokosi kachitsulo momwe kompyuta imasunga zonse zimene munthu walemba kapena kujambula. Mu kabokosi ka a Lungu munali buku la kafukufuku wa digiri yawo, limene analilemba zaka ziwiri, Loweruka ndi pa holide. Laputopu imene ankalembera inali yobwereka, ndipo mwini wake anali atasamuka nayo. Kope lina panalibe. Anabwera kudzapulinta kuti akapereke.

Esnart atalumikiza disikiyo, kompyuta inatulutsa uthenga wa Chingelezi wofunsa ngati akufuna kuifomata. Iye anayesa ndi limodzi mwa mafunso amene kompyuta imafunsa tsiku ndi tsiku. Anadina povomereza. Patapita kamphindi, disiki inatseguka ili mbee, mulibe kanthu.

Mwini shopu ndiye anakuwa. Anamutchula mbuli pamaso pa anthu, n'kumuponyera chikwama chake panja. A Lungu sanakweze mawu. Anayang'ana kompyuta nthawi yaitali, anakulunganso disiki yawo mu mpango, ndipo potuluka anati:

"Amai, mwanifafanizila zaka ziwili."

Esnart anabwerera kwawo ku Kalindawalo. Nkhani inali itafika kale iye asanafike. Anyamata a pa chigayo anamupatsa dzina lakuti a Fomati, ndipo dzinalo linakhazikika. Akapita kumjigo ankalimva, akapita kutchalitchi ankalimva chapansipansi. Bambo ake sanamudzudzule, komanso sanamufunse kanthu. Anangomupatsa khasu n'kumusonyeza mizere ya thonje yofuna kupalira.

Anapalira miyezi itatu. Anasiya kupita kumene kuli anthu. Foni yake ankaizimitsa.

Amene anamutulutsa m'mudzimo ndi amai ake aang'ono, a Charity, ogulitsa nthochi ku Nyimba. Anabwera ku maliro, anaona mmene mwana wa mkulu wawo anaondera, ndipo pobwerera anamutenga. Ku Nyimba mabasi a pakati pa Lusaka ndi Chipata amaima pang'ono, ndipo ogulitsa amathamangira ku mawindo atasenza nthochi. Esnart anaphunzira kuthamanga ndi lichero pamutu dzuwa la kuchigwa likuswa mtengo. Kumeneko palibe amene ankadziwa za a Fomati, ndipo kwa nthawi ndithu zimenezo zinamukwanira.

Koma funso limodzi silinamuchoke: kodi zinthu zikafafanizika zimapita kuti? Ankaopa kulifunsa chifukwa ankaopa yankho. Patapita miyezi isanu ndi itatu, masana ena mabasi atachepa, anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kulemba funsolo pa foni m'Chingelezi chake chothyokathyoka.

Zimene anawerenga zinali izi. Disiki ikafomatidwa mwachangu, zolembedwa sizichoka nthawi yomweyo. Kompyuta imangong'amba mndandanda wosonyeza pamene chinthu chilichonse chili, koma zinthuzo zimakhalabe momwemo mpaka tsiku limene wina adzalembe zatsopano pamwamba pake. Munthu wodziwa akanabweza buku lonse la a Lungu masana a tsiku lomwe lija. Mu Petauke yense, pa anthu amene anaima pakhomo la shopu, panalibe mmodzi wodziwa zimenezi.

Esnart analira, kenako anapukuta misozi chifukwa basi ya ku Chipata inali italowa.

Pafupi ndi pamene mabasi amaima panali kantemba, kashopu kakang'ono, ka a Vitalis Tembo, bambo wachikulire wokonza mawailesi, ma TV ndi zipangizo za sola. Pakona pa kantembako panali kompyuta yakale yodzaza fumbi, imene mwini wake anaisiya zaka zambiri osabwera kudzaitenga. Esnart anapita kukaipempha.

"Ine vamakompyuta sinividziwa," anatero a Tembo. "Nidziwa mawaya chabe. Mufuna kuchita nayo chani?"

"Nifuna kuphunzila kubweza vinthu vimene vafafanizika."

"Vibwela?"

"Ati vibwela. Nifuna nione na maso anga."

A Tembo anakonza mbali ya magetsi ya kompyutayo, ndipo inayaka. Anagwirizana kuti Esnart azisesa kantemba m'mawa uliwonse ndi kusanja zipangizo, ndipo akamaliza kugulitsa nthochi azikhala pa kompyuta mpaka nthawi yotseka.

Anayamba ndi fulashi yake. Ankaikamo zithunzi, kuifomata dala, n'kuyesa kuzibweza. Milungu inayi sichinabwere chilichonse. Mapulogalamu ena ankakana kulowa mu kompyuta yakaleyo, ena ankabwera ndi mavairasi. Mavidiyo ophunzitsa ankaonera kawirikawiri, akuimitsa pa mawu aliwonse achilendo kuti afufuze tanthauzo lake, ndipo zonse ankalemba mu kope la sukulu. Mlungu wachisanu, chithunzi cha a Charity atasenza nthochi chinatulukira pa kompyuta, chopanda dzina, chili ndi nambala chabe. Pambuyo pake zinatuluka zina makumi atatu.

Loweruka lotsatira anakwera galimoto ya katundu kupita ku Msanzala kukafuna a Lungu. Anawapeza ku nyumba ya aphunzitsi akukonza njinga. A Lungu anamuzindikira nthawi yomweyo. Anamvetsera zonse zimene anafotokoza, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi disiki ija. Ana awo anali ataidzaza mafilimu ndi nyimbo.

Esnart anaitengabe. Anaifufuza mlungu wathunthu, ndipo pa masamba zana ndi makumi anayi anapezamo khumi ndi limodzi okha amene mafilimu sanawapondereze. Anawapulinta n'kubwerera nawo ku Msanzala.

"Nidziwa kuti sivikwana," anatero powapatsa. "Nikanadziwa tsiku lija vimene nidziwa lelo, vonse vikanabwela."

A Lungu anawerenga tsamba loyamba ataimirira. Atamaliza anati, "Digili ninaisiya, sininakwanise kuyambilanso. Koma aka nikoyamba kuona munthu wolakwa abwela yekha osaitanidwa. Pitilizani kuphunzila. Mawa kuzabwela wina monga ine."

Zinthu zina zikaonongeka sizibwerera, ndipo digiri ya a Lungu ndi chimodzi mwa izo. Esnart anavomereza zimenezi, koma sanaleke.

Ntchito zoyamba zinali zazing'ono. Amai ena amasiye anabwera ndi memori khadi ya foni momwe munali zithunzi zokhazo za malemu amuna awo. Wophunzira wa kukoleji anabwera ndi fulashi yodyedwa ndi vairasi. Dalaivala wa basi anabwera ndi foni imene anafafanizamo zithunzi za ngozi zofunika ku polisi. Zambiri mwa izi Esnart anazibweza. Mbiri inayamba kuyenda m'mabasi momwemo kuti ku Nyimba, pa kantemba ka a Tembo, pali mtsikana wa nthochi amene amadzutsa zakufa.

Mbiriyo inamulowa m'mutu, ndipo inamugwetsa kachiwiri.

Wojambula zithunzi wina wa m'tauni anabwera ndi disiki imene ikayatsidwa inkalira kuti go, go, go. Munali zithunzi za maukwati atatu zimene eni ake anali asanalandire. Esnart anali ataonera vidiyo ya anthu akutsegula disiki yotere n'kuikonza. Anamasula zomangira, natsegula chivundikiro pa tebulo la a Tembo, mabasi akuwaza fumbi panja. Mkati mwa disiki mumakhala mbale yonyezimira ngati galasi, imene imazungulira mwaliwiro lalikulu, ndipo kasingano kowerenga kamayandama pamwamba pake osaikhudza. Kafumbi kamodzi n'kokwanira. Atatseka n'kuyatsa, kasinganoko kanakanda mbale yonse. Panatuluka ufa wotuwa. Ufa umenewo ndiwo unali maukwati atatu aja.

Akanatha kunena kuti disikiyo inabwera itafa kale, ndipo palibe akanatsutsa. Sananene choncho. Anauza wojambula uja kuti waiononga ndi iye. Bamboyo anamutukwana pamaso pa makondakitala, ndipo kwa miyezi iwiri panalibe munthu amene anabweretsa ntchito.

Esnart anauza a Tembo kuti akusiya, nthochi zikumukwanira.

A Tembo anapitiriza kuwotcherera waya wa wailesi osakweza mutu. "Mawailesi amene ninaocha ine pophunzila angadzaze galimoto," anatero. "Cholakwa chanu nichimodzi: munaphunzilila pa chinthu cha munthu. Phunzililani pa vakufa vimene vilibe mwini."

Kuyambira pamenepo anasintha njira. Anapempha makondakitala amene ankagula nthochi kwa iye kuti azimubweretsera madisiki akufa otayidwa m'mashopu a ku Lusaka ndi ku Chipata. Ena ankamuseka, koma ankabweretsa. M'chaka chimodzi anadzaza makatoni awiri. Anaphunzira kusiyanitsa matenda a disiki pomva kulira kwake. Anaphunzira kuti disiki yodwala suigwiritsa ntchito, umayamba waikopera yonse mu ina yabwino, n'kumafufuza mu kopeyo. Anaphunziranso kunena kuti iyi sindingathe: disiki yofuna kutsegula mkati ankauza mwini wake kuti asaiyatsenso, apite nayo kwa amene ali ndi chipinda chopanda fumbi.

Matenda ofala kwambiri kuno anali a magetsi. Magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu, kapena mphezi ikagunda, kabolodi kobiriwira kamene kali kunsi kwa disiki kamapsa, koma mbale ya mkati imakhala bwinobwino. Mankhwala ake ndi kupeza kabolodi kena kofanana ndendende. Koma pa kabolodi kalikonse pali kachipu kakang'ono ngati njere ya mphodza, ka miyendo isanu ndi itatu, kamene kamasunga chinsinsi cha disiki imeneyo yokha. Kachipuko umayenera kukazula pa kabolodi kakupsa n'kukawotcherera pa katsopano. Kakatentha kwambiri kapena mwendo ukathyoka, ntchito yathera pomwepo.

Apa ndi pamene luso la a Tembo linagwira ntchito. Anamuphunzitsa kugwira chitsulo chowotcherera, kuyeza mtovu, ndi kupuma bwino kuti dzanja lisagwedezeke. Tichipu toposa makumi anayi anationonga pa mabolodi opanda mwini asanasamutse kamodzi kamoyo.

Panapita zaka zitatu. Anthu anayambanso kubwera. Esnart anasiya kuthamangira mabasi, ndipo a Tembo anamupatsa theka la tebulo.

M'mwezi wa Januwale, mvula ili mkati, kunafika bambo wina wa imvi atanyamula chikwama cha pulasitiki pachifuwa. Dzina lawo anali a Zakeyo Zuze, mkulu wa mpingo wa kumidzi ya kutali ndi Petauke, kumene kale kunali malo a anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Nkhondo itatha ambiri anabwerera kwawo, koma mabanja ena anatsala, akulima chimanga ndi nsawawa. Ana awo ndi adzukulu anabadwira konkuno ndipo dziko lina salidziwa, koma ambiri analibe chitupa cha boma, chimene kuno amachitcha reji. Wopanda reji salembedwa ntchito, salembetsa nambala ya foni, ndipo koleji siimulandira.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi a Zuze ankayenda pa njinga khomo ndi khomo kusonkhanitsa umboni wa banja lililonse: makhadi akale a othawa nkhondo, makhadi a ubatizo, makhadi a ku sikelo a ana. Pepala lililonse ankalijambula n'kusunga chithunzi chake mu kompyuta ya mpingo. Mapepala enieniwo anthu anawasungitsa mu kanyumba ka udzu ka pa tchalitchi. Mu Okutobala moto wa m'tchire unapsereza kanyumbako. Mu Disembala mphezi inagunda sola wa pa tchalitchi, ndipo kompyuta inazima osayakanso.

Tsopano uthenga unali utabwera wakuti akuluakulu olemba anthu adzafika kumidziko pakatha milungu itatu, ndipo banja lililonse lidzaonetse umboni umene lili nawo.

"Napita nayo ku Chipata," anatero a Zuze atakhala pa benchi, akutulutsa m'chikwama chija disiki ya kompyutayo. "Aniuza kuti yafa, nigule inangu. Nawauza kuti sinifuna chitsulo, nifuna vimene vili mkati. Muli mabanja mazana awili na makumi atatu umu, amai. Anipatsa mapepala awo chifukwa ananikhulupilila."

Esnart sanailumikize ku magetsi. Anaitembenuza, nanunkhiza kabolodi. Fungo la kupsa linalipo. Atayang'ana ndi galasi lokulitsa anaona malo awiri akuda pafupi ndi polowera magetsi. Kachipu kaja kankaoneka kuti sikanakhudzidwe.

"Bambo, sinilonjeza," anatero. "Ngati moto unathela pa bolodi, mwayi ulipo. Ngati unalowa mkati, nizakuuzani chilungamo. Nipatseni masiku."

M'makatoni ake awiri munalibe kabolodi ka nambala yofanana. Analemba nambalayo pa timapepala n'kugawira makondakitala asanu ndi mmodzi. Koyamba kanabwera kuchokera ku Lusaka tsiku lachitatu, kosiyana nambala imodzi yakumapeto. Kachiwiri kanali kofanana, koma nakonso kanali kakupsa. Kachitatu sikanali n'komwe ka mtundu umenewo. A Zuze ankaimba foni m'mawa uliwonse, osafunsa zambiri, kungopereka moni n'kudikira. Tsiku lachisanu ndi chinayi, kondakitala wina anatsika basi ya ku Chipata ndi disiki yakufa imene anaipeza kwa wokonza makompyuta ku Katete. Nambala zonse zinagwirizana.

Esnart anaika mabolodi awiriwo pa tebulo, n'kukankhira chitsulo chowotcherera kwa a Tembo. Anakumbukira ufa wotuwa uja, ndipo sanafune kuti dzanja lake likhale pa mabanja mazana awiri.

A Tembo anakweza dzanja lawo lamanja kuti alione. Linkanjenjemera pang'ono, monga linkachitira kuyambira chaka chapitacho.

"Aya manja yapita," anatero. "Mu Nyimba muno kulibe wina amene angachite ichi kupambana imwe. Chitani."

Anadikira mpaka cha m'ma naini m'mawa, pamene dzuwa limalowa bwino pa zenera la kantemba. A Tembo anatseka chitseko n'kukhala panja kuti abweze aliyense wofuna kulowa. Esnart anatenthetsa miyendo inayi ya mbali imodzi, kenako inayi ya mbali ina, mosinthanasinthana, mpaka kachipu kananyamuka. Anakagwira ndi kopanira, nakaika pa kabolodi katsopano, akuonetsetsa kuti kadontho ka pakona kaloza kumene kayenera kuloza. Miyendo isanu ndi itatu inamutengera theka la ola. Atamaliza anayang'ana uliwonse ndi galasi, kawiri.

Anamangirira kabolodi ku disiki, nalumikiza magetsi, n'kuika khutu pafupi. Disiki inazungulira, inalira kamodzi mofewa monga imachitira yamoyo, n'kukhazikika. Pa kompyuta panatuluka dzina lake ndi kukula kwake.

Sanatsegule kanthu. Anayamba kuikopera yonse mu disiki ina. Inali yokalamba, ndipo inali ndi malo ambiri ovuta kuwerenga. Pulogalamu inkalumpha malo oterewo n'kudzabwereranso pambuyo kudzayesa pang'onopang'ono. Masiku amenewo magetsi ankazima maola ambiri, choncho a Tembo analumikiza mabatire awiri a sola kuti ntchito isadukize. Kukopera kunatenga masiku asanu. Tsiku lomaliza lonse linathera pa kachigawo kakang'ono kamene kanakana mpaka mapeto.

A Zuze anafika m'mawa mwake. Esnart anawakhazika pa mpando wake n'kutsegula. Mabanja anali atasanjidwa monga anawasanjira iwo, mudzi ndi mudzi, dzina ndi dzina. A Zuze anatsegula banja loyamba, ndipo panatuluka khadi lachikasu lakale, chithunzi cha mai wachitsikana atanyamula khanda, chidindo chikuoneka bwino. Anatsegula lachiwiri, lachitatu. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso.

"Mabanja mazana awili na makumi awili na limodzi yabwela yonse," anatero Esnart. "Asanu na anayi yanali pamalo powonongeka. Vithunzi vawo vatuluka vodukaduka. Nalemba maina awo apa kuti muyambe kufuna mboni zina. Pepani, nalephela pamenepo."

A Zuze analandira pepalalo, anawerenga maina asanu ndi anayiwo, n'kulipinda bwino. "Awa niwadziwa onse, tizayenda nawo kwa amene anawabatiza," anatero. "Ine n'nabwela kuno na manja chabe. Nibwelela na anthu."

Esnart anakopera zonse mu madisiki awiri. Anawauza kuti imodzi ikhale ku tchalitchi, ina ikhale m'mudzi wina, kutali ndi yoyambayo, ndipo analemba malangizowo pa chivundikiro.

Olemba anthu anafika pa tsiku lawo. Si mabanja onse amene anathandizidwa ulendo umenewo, pakuti nkhani za mapepala zimayenda pang'onopang'ono ndipo ena anauzidwa kudikira. Koma ambiri analembedwa. Mmodzi mwa iwo anali Agness, mdzukulu wa a Zuze, amene anali atapeza malo ku koleji ya unamwino koma akulephera kulowa chifukwa chosowa reji. Chaka chomwecho analowa.

Nkhani ya disiki ya a Zuze inayenda kutali kuposa mmene mabasi amafikira. Masukulu anayamba kubweretsa makompyuta awo, mipingo, makopaletivu a alimi, ngakhale maofesi. Lero Esnart ali ndi shopu yakeyake ku Nyimba, ya chitseko cha galasi ndi sola padenga. A Tembo, amene maso ndi manja zawalekerera, ali ndi mpando wawo mkatimo, ndipo ndiwo amalandira alendo. Kawiri pa mwezi Esnart amapita ku Petauke kukatenga ntchito za kumeneko. Anabwereza masamu a giledi 12 ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, atakhala m'kalasi limodzi ndi ana, ndipo anakhoza. Akuphunzitsa atsikana awiri amene nawonso mayeso sanawayendere bwino, ndipo mwezi wawo woyamba wonse amauthera pa makatoni a madisiki akufa.

Ntchito zina zimamukanikabe. Akalephera amanena kuti walephera, ndipo anthu amabwerabe, mwina chifukwa cha chomwecho.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, mwina mayeso anakugwetsani. Mwina munalakwitsa chinthu chachikulu pa ntchito, anthu akuona, ndipo mpaka lero mumadutsa njira ina kuopa kukumana nawo. Esnart analibe satifiketi, analibe kompyuta, analibe mphunzitsi wa ntchito imene ankaifuna. Anali ndi funso limodzi, foni yakale, ndi bambo wokonza mawailesi amene anamulola kukhala pakona. Anagwa kawiri, ndipo kachiwiriko anali atayamba kale kudzitama. Chimene sanachite ndi kubisa kulakwa kwake kapena kukhala pansi mpaka kalekale.

Funsani funso limene mukuliopa. Pitani kwa amene munamulakwira, ngakhale mutanyamula zochepa. Phunzirani chinthu chimodzi mpaka manja anu achidziwe okha. Tsiku lina munthu adzafika pakhomo panu atanyamula zonse zimene ali nazo, ndipo adzafuna kupeza munthu amene sanasiye panjira. Mtima usakuthereni lero. Mawa m'mawa dzukani, mukayambirenso.